Zimene Ndinabisa M'masokosi

Lolemba, 4 Meyi

Andigoneka lero masana mu wodi ya amuna, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Mimba yatupa mbali ya kumanja, pansi pa nthiti, ndipo chakudya sichikulowa. Atenga magazi. Mawa andijambula m'mimba, akuti sikani.

Mwana wanga wamkazi wandiyalira zofunda, wandisiyira fulasiki ndi malalanje, wapita kukatenga ana ake kusukulu. Ndapempha kope kuti ndizipeza chochita ndi manja.

Chipatala ndi chomwechi. Wodi ya amayi ili kuseri kwa khoma la kumutu kwangaku. Chaka chatha ndinali kumeneko, pa mpando wapulasitiki, kudwazika mayi a mwana wanga. Podutsa lero sindinayang'ane khomo lake.

Lachiwiri, 5 Meyi

Sikani yatheka. Anandipaka mafuta ozizira pamimba n'kumayendetsa kachipangizo. Wojambulayo anacheza nane mpaka pamene anafika kumanja, kenako anangoti ndipume, ndigwire mpweya, nditulutse.

Kugona masana sindikutha. Ntchito yanga yonse inali yowerenga mamita a madzi, khomo ndi khomo, kuthawa agalu a eni, ndiye miyendo yanga sinaphunzire kukhala. Ndayenda pakhonde mpaka kochapira zovala, kubwerera, kupitanso.

Wa bedi loyandikana nane ankayendetsa magalimoto akuluakulu a katundu. Wodi yonse imangoti Adalaivala. Ndi wachiwindi mnzanga, wakhalitsa muno. Atandiona ndikulowa ndi kutuluka anati ngati ndikufuna mita ya chipatalachi ili kuseri kwa khitchini, ndikawerenge ndibwere ndikhale pansi. Kuyambira pamenepo akunditcha Amita.

Lachinayi, 7 Meyi

Dzulo anandibaya singano yaitali pakati pa nthiti, atenge kanyama ka chiwindi akakapime. Anandiuza kuti ndigonere mbali yobayidwayo osadzuka mpaka madzulo. Kubaya sikunandivute. Chinandivuta n'kugonako.

Lamulungu, 10 Meyi

Tsiku la alendo ambiri. Mkazi wa Adalaivala wabweretsa mpunga ndi nkhuku, wandigawira ngakhale ndinakana. Ndadya pang'ono kuti ndisamuchititse manyazi. Amamukalipira mwamuna wake chifukwa cha mchere, iye n'kumatsinzinira ine diso. Ndinatuluka kukayenda.

Lachitatu, 13 Meyi

Zotsatira zabwera. Dokotala wamkulu anakoka katani, anafunsa ngati ndikufuna kudikira mwana wanga. Ndinati angonena.

Ndi khansa ya chiwindi. Akuti ndakhala ndi kachirombo kotupitsa chiwindi zaka zambiri osadziwa, ndipo chiwindi chitatopa ndi pomwe chotupacho chinamera. Kudula sikutheka chifukwa chakhudza mtsempha waukulu. Pali mapilisi. Sachotsa chotupa, amangochichedwetsa. Popeza chiwindi changa n'chofooka ndiponso kwathu n'kutali, andisunga muno kuti aziona magazi anga ndikamayamba kumwa.

Ndinathokoza. Sindikudziwa chimene ndinathokozera.

Mwana wanga ndamuuza madzulo. Sanalire pamaso panga. Anapita kukatsuka fulasiki yomwe inali yotsuka kale.

Lachinayi, 14 Meyi

Pali dokotala wina wamng'ono, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, wolankhula mofulumira. Ndi amene wabwera kudzandifotokozera za mapilisi. Ndinamufunsa chimene chimachititsa kuti nyama ya munthu imuukire mwini wake. Anakhala pamphepete pa bedi n'kujambula papepala. Ndilembe mmene ndamvera ndisanaiwale.

Thupi lonse ndi timaselo, tosaoneka ndi maso. Selo siligawikana mwa lokha, limadikira kuuzidwa. Uthenga umafika pakhomo pa selo, ndipo m'katimo muli mapuloteni amene ntchito yawo ndi kupatsirana uthengawo, uyu kuuza uyu, uyu kuuza uyo, mpaka ufike pakatikati pomwe pali malamulo. Ukafika, selo limagawikana. Ntchito ikatha amithengawo amakhala chete. M'chotupa changa ena mwa iwo anasokonekera. Palibe wawatuma, koma akungofuula kuti gawikana, gawikana. Ena akuitana mitsempha yatsopano kuti ibweretse magazi, chotupacho chizidya. Mapilisiwa amakatseka pakamwa amithenga amenewo.

Vuto, akuti, n'lakuti amithenga a mtundu womwewo amagwiranso ntchito yabwino kwina: pakhungu la m'manja ndi la kumapazi, m'matumbo, m'mitsempha ya magazi. Pilisi silidziwa kusankha bwinobwino. Ndiye ndikaona kutentha kumapazi kapena m'manja, kutsekula m'mimba, mutu, kapena chimbudzi chakuda, ndinene msanga.

Adalaivala ankamvetsera atatseka maso. Dokotala atachoka anati m'chiwindi mwake muli oitanira minibasi, sadikira kuti galimoto ibwere.

Lachisanu, 15 Meyi

Ndayamba. Pilisi limodzi m'mawa, limodzi madzulo, m'mimba mopanda kanthu, kudya pakapita ola. Akuti ndi theka la muyezo, aone kaye mmene thupi lilandirire. Bipi aziyeza kawiri pa tsiku. Lero ili bwino.

Ndikameza ndimakhala ngati ndikumvetsera. Palibe chimene ndikumva.

Lamulungu, 17 Meyi

Alendo atapita, Adalaivala anakoka mpando kufika pafupi ndi bedi langa. Anati popeza tsopano tili pa msewu umodzi, andiuze lamulo la muno.

"Amita, akakufunsani mmene mwagonera, muziti bwino. Mutu, bwino. M'mimba, bwino. Wodandaula amamuchotsa pa mankhwala, akamuchotsa amamutumiza kwawo. Ndipo mukudziwa kuti kwawoko amakatani."

Anandionetsa bedi la pawindo. Akuti panali telala wina, munthu waulemu, anangonena kuti akutsekula m'mimba. Lachiwiri anamutulutsa, sabata isanathe uthenga unabwera. Amuna ena awiri a tsidya linalo anavomereza ndi mitu. Mmodzi anati mabedi ndi ochepa, amangofuna chifukwa.

Mayi a mwana wanga nawonso anachoka chomwecho. Ananena kuti mankhwala akuwasanzitsa, m'mawa mwake dokotala anatseka faelo n'kutiuza kuti akapume kunyumba. Ndinawanyamula ndekha kuwakweza m'galimoto. Sanabwererenso.

Ine kunyumba sindikufuna kupita.

Lachitatu, 20 Meyi

Magazi atenganso. Lilime likumva chakudya ngati chitsulo. Mwana wanga wabweretsa mazira owiritsa ndi buledi, ndadya dzira limodzi. Akuti mpongozi wanga wakonza mpopi wa kunyumba kwanga umene unkadontha. Ndinafunsa ngati wayang'ana mita atatha kukonza. Anaseka, koyamba chiyambire zimenezi.

Ndayenda mpaka pageti kumuperekeza. Alonda andizolowera, amangoti abwana oyendera malo afika.

Loweruka, 23 Meyi

Kumapazi kukutentha, makamaka chidendene ndi pansi pa chala chachikulu, ngati ndaponda simenti ya masana. Ndinayang'ana ndili kubafa. Kwafiira. Mapazi anga ndi achikopa, anayenda misewu yonse ya fumbi osadandaula, ndiye ndadabwa.

Ndamuuza Adalaivala yekha. Anavula sokosi lake n'kundionetsa. Sindilemba mmene munalili. Akuti nzeru yake ndi masokosi awiriawiri ndi kachidutswa ka siponji m'masilipasi, ndipo nesi akamayala bedi uzikhala uli kuchimbudzi. Anang'amba siponji pakona pa matiresi ake n'kundigawira ngati akundigawira fodya.

Lolemba, 25 Meyi

Madokotala ayendera odwala. Dokotala wamng'ono anagwira manja anga, kuwatembenuza. Ali bwino. Anafunsa za mapazi. Ndinati ali bwino. Anayang'ana masokosi, ndinati ndimamva kuzizira. Anandikhulupirira, n'kulemba.

Sindine munthu wabodza. Koma mawuwo anatuluka mosavuta.

Kuyenda ndikuyendabe, chopondera m'mbali mwa phazi.

Lachitatu, 27 Meyi

Dokotala wamkulu wabwera ali wosangalala. Akuti magazi a chiwindi sanasinthe, bipi ili m'malo mwake, ndipo popeza thupi langa lalandira mankhwala popanda vuto lililonse, ayamba kundipatsa muyezo wathunthu. Awiri m'mawa, awiri madzulo. Anauza ophunzira amene anali naye kuti odwala otere ndi ochepa.

Ndinatsegula pakamwa. Adalaivala anatsokomola. Ndinatseka.

Dokotala atapita, Adalaivala anandigwira dzanja, akuti ndakwezedwa pa ntchito, ndigule zakumwa.

Lachisanu, 29 Meyi

Matuza atuluka, awiri kumanzere, limodzi lalikulu kumanja. Achikasu, olimba m'mbali. Ndikaponda ululu umafika m'mano. Lero ndangofika kochapira zovala n'kukhala pa benchi. Mayi wochapa anandifunsa ngati ndatopa nawo ulonda. Ndinati ndikuona mmene makina awo amazungulirira.

Ndimaganiza za amithenga aja. A m'chotupa sindikudziwa ngati atsekedwa pakamwa. A kumapazi atsekedwa ndithu, khungu silikudzikonza. Ndiye kuti pilisi likufika penapake.

Lamulungu, 31 Meyi

Adalaivala asanza magazi masana ano, mkazi wawo akuwathirira tiyi. Beseni linadzadza. Manesi anathamanga, anakoka makatani, ndinkangoona mapazi awo pansi. Ndinamva dokotala akufunsa mayiwo ngati bambo ananenapo za chimbudzi chakuda. Anati ayi, sananenepo kanthu.

Ine anandiuza. Lachinayi, akuseka, anati akutulutsa phula la pamsewu.

Awatengera ku wodi ya odwala kwambiri. Bedi alipukuta, matiresi aitembenuza, pakona pong'ambidwa paja pali kumiyendo tsopano.

Lolemba, 1 Juni

Sindinayende. Tuza la kumanja laphulika. Ndakhala pabedi, ndagona, ndakhalanso, ndatembenukira kukhoma, ndatembenukira kukhomo. Miyendo ikufuna msewu. Ndapinda ndi kupindula thaulo mpaka wa bedi la patsidya anafunsa ngati ndinkagwira ntchito ku hotela.

Mapilisi ndamwa onse.

Lachiwiri, 2 Juni

Mwana wanga ananyamuka kuti azipita, n'kuima kudikira kuti ndimuperekeze. Ndinati lero apite yekha, ndikufuna kumvera wailesi. Anayang'ana pakabati. Wailesi ndilibe, imene tinkamvera inali ya Adalaivala.

Anafunsa chimene chikundivuta. Ndinati palibe. Anati mayi ake akanakhalapo sindikanayerekeza kuyankha choncho. N'zoona. Iwo akanangovula masokosiwo osandifunsa.

Anachoka atakwiya. Bola kukwiya.

Lachitatu, 3 Juni

Mkazi wa Adalaivala wabwera kudzatenga wailesi ndi beseni. Akuti ali moyo, awaika magazi, akupempha tiyi koma sakuwalola. Mapilisi awaletsa, ndipo dokotala wanena kuti sadzawapatsanso. Mayiwo anandifunsa ngati mwamuna wawo anandiuzapo kanthu, popeza tinkanong'onezana ngati atsikana. Ndinati ankakonda nthabwala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kukulunga chingwe cha wailesi.

Amuna a tsidya lija akuti mwaona, amuchotsa. Sakunena kuti amuchotsa atakhala chete.

Thupi likutentha. Nesi wapeza kuti latenthadi, wafunsa ngati ndikutsokomola kapena kumva kuwawa pokodza. Ndinati ayi, ndipo sindinaname. Za mapazi sanafunse. Sokosi la kumanja lamatirira, ndipo ndayamba kumva fungo. Ndafunda bulangete mpaka kumapazi ngakhale kukutentha.

Lachinayi, 4 Juni

Ndilemba pang'onopang'ono, dzanja lili ndi diripi.

Dokotala wamng'ono anabwera yekha m'mawa chifukwa cha kutentha thupi kuja. Anamvetsera pachifuwa, anadina pamimba, sanapeze kanthu. Ankati azipita. Ndinamuitana.

Ndinafunsa kuti munthu wina atanena kuti mapazi akumuwawa, amamuchotsa pa mankhwala kapena ayi.

"Munthu wake ndi uti, bambo?"

"Munthu chabe."

"Munthuyo avule masokosi."

La kumanzere linavuka. La kumanja linakana, mpaka sisitala anabwera ndi beseni la madzi amchere n'kuliviika, kenako kulidula ndi lumo. Sisitalayo ndi mayi wamkulu, amuna a muno amamutcha Apolisi. Ataona masokosi awiri ndi siponji anangoti, sukulu ya Adalaivala yatulutsa wina. Sanandikalipire. Kukanakhala bwino akanandikalipira.

Chilonda chalowa mafinya, ndipo kufiira kwakwera mpaka pa akakolo. Dokotala anafunsa kuti zinayamba liti. Ndinanena zoona. Anatsegula faelo, anayang'ana tsiku limene anandiwonjezera mapilisi. Kenako anati ndikananena sabata yoyamba ija akanandipatsa mafuta odzola, akanandiletsa kuyendayenda, akanandisiya pa theka lomwe lija, ndipo mwina sindikanadumpha ngakhale tsiku limodzi.

"Ife za m'maselo anu sitiziona ndi maso, bambo. Timayendera zimene mwatiuza. Munati bwino, ife tinawonjezera."

Ndinamuuza za telala wa pawindo. Anati za wodwala wina sangandiuze, koma si onse otuluka muno amene amatulutsidwa pa chifukwa chimodzi. Ndinamuuza za mayi a mwana wanga. Sindinakonzekere kutero. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, ngakhale foni yake inkalira m'thumba.

Mapilisi aimitsa kuyambira lero. Mankhwala opha tizirombo akulowa pa diripi.

Lachisanu, 5 Juni

M'mawa nesi wadutsa ndi thireyi ya mankhwala osaima pa ine. Ndinapeza ndatambasula kale dzanja.

Mwana wanga anafika akutsuka chilonda. Anaima kumiyendo kwa bedi, anaona zonse. Nesi anamanga bandeji. Kenako anati, "Ababa, inu mukufuna ndikhale ndi ndani?" Anasenda lalanje, anandipatsa, tinadya.

Loweruka, 6 Juni

Kutentha thupi kwatsika. Andiletsa kuponda pansi, kuchimbudzi akundikankha pa njinga ya odwala. Munthu amene ndinayenda tauni yonse.

Pa bedi la Adalaivala abwera bambo ena, ankagulitsa zitsulo. Nawonso ndi chiwindi, ayamba mapilisi Lolemba. Madzulo ndinaona amuna a tsidya lija akuwakodola. Ndinawaitana ine poyamba, ndinafundukula bulangete n'kuwaonetsa bandeji. Ndinati akafunsidwa azinena. Anagwedeza mutu mwaulemu, koma kenako anapitabe tsidya lija, ndipo anakhalitsako.

Lolemba, 8 Juni

Dokotala wamkulu wabwera ndi zotsatira za magazi amene anatenga asanaimitse mapilisi. Pali puloteni ina imene chotupa chimatayira m'magazi, amaiyeza kuti adziwe ngati chikukula. Yanga inatsika. Osati kwambiri, koma inatsika. Ndiye kuti mankhwala ankagwira.

Ndinafunsa ngati amithenga aja ayambirenso kufuula pamene sindikumwa. Anati n'kutheka, sangandinamize. Ndinafunsa ngati adzandibwezere pa mankhwala. Anati phazi likapola ndipo magazi a chiwindi akakhala mmene alilimu, adzayambiranso ndi theka. Anati "akakhala". Ndinalimva bwino liwu limenelo.

Diripi ithera mawa. Lachitatu ndituluka. Chilonda azikatsuka ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu, ndipo ndidzabwere pa 24. Ndinapempha kuti ndidikirire muno. Anati bedi likufunika, ndiponso chilonda chotere chimapola bwino kutali ndi odwala ena. Analemba tsikulo pa khadi, dokotala wamng'ono analembanso nambala yake kuseri.

Chimene ndinkathawa ndachiitana ndekha.

Lachiwiri, 9 Juni

Sindikukhazikika. Ndalongedza chikwama, ndamasula, ndalongedzanso. Ndinapempha wokankha njinga kuti andidutsitse ku wodi ya odwala kwambiri. Sanatilole kulowa. Ndinaona Adalaivala pagalasi la chitseko, aonda, ali ndi chubu m'mphuno. Anandiona pa njinga, anakweza dzanja n'kulizunguliza ngati akuwongolera galimoto. Ndikuganiza kuti ankandiseka.

Pobwerera tinadutsa pakhomo pa wodi ya amayi. Wokankhayo anaima pomwepo kuti apatse njira machira. Ndinayang'ana m'kati. Apaka penti ina, mabedi anawasintha malo.

Lachitatu, 10 Juni

Ndikulemba ndikudikira galimoto ya mpongozi. Sisitala wandipatsa mabandeji, mafuta odzola kumapazi m'mawa ndi madzulo, ndi mapilisi a chilonda a sabata imodzi. Masokosi akuti limodzi pa phazi, lotakasuka, ndipo adzandivula yekha pa 24 ndisanapereke n'komwe moni.

Mwana wanga wafika msanga kudzanyamula katundu. Akupinda zofunda anandiuza kuti kunyumba akonza zonse, asesa, ndipo dzulo iye ndi mwamuna wake atulutsa bedi langa kuchipinda n'kuliika pabalaza, kuti ndikhale pafupi ndi khomo ndiponso obwera kudzandiona asamavutike.

Mayi ake tinawachitira zomwezo. Bedi pabalaza, mipando mozungulira, anthu kulowa mwakachetechete n'kukhala manja ali pamiyendo. Linabwerera kuchipinda lopanda munthu.

Ndinamuuza kuti aimbire mwamuna wake asananyamuke, alibweze. Anati kuchipinda n'kutali ndi bafa, ndidzavutika. Ndinati ndidzakwawa. Anati nanga alendo. Ndinati alendo adzandipeza pa mpando, nditavala malaya.

Anandiyang'ana, foni ili m'manja.

"Ndi chiyaninso china, ababa?"

"Nsapato. Undigulire zazikulu, zoti bandeji ilowe. Pa 24 sindidzalowa muno pa njinga."

Waimba. Ndikumumva pakhonde akuuza mwamuna wake kuti ayitane woyandikana nane nyumba amuthandize, bedilo ndi lolemera, ndipo asakande chitseko.